Funsani Aphunzitsi: Ku Melita pa boti, pa basi ndi pa miyendo

Chilembereni nkhani ija yoti ndinakacheza kwa mwana wanga ku Malta, mafunso sakundipatsa mpata. Ena mwandigwira pa msika wa pa boma ndikusankha kabichi, ena mwalemba pa foni pakati pa usiku ine ndili khuma m'bulangete ndi chisanu cha kuno. Ndasankhapo ochepa. Amene munafunsa za fizi ya ana ndi kasungidwe ka mbewu mundikhululukire, tikumana mwezi wamawa.

Kwa alendo m'tsamba lino: ndine mayi wopuma pa uphunzitsi, ndimakhala kufupi ndi Bembeke. Jogalafe ndinaiphunzitsa mpaka choko chinandisiyira imvi. Ana ambirimbiri ndinawalowezetsa kuti ku Mediterranean mvula imagwa nthawi yozizira, nthawi yotentha kumwamba kuli mbee, mosemphana ndi kwathu kuno. Akasokoneza ndinkawakalipira, chonsecho nyanjayo ndinali ndisanaione ndi diso langa. Ndinakaiona ndili kale ndi zidzukulu, milungu itatu ya mwezi wa Meyi, atandiitana mwana wanga wamkazi amene amasamalira okalamba kumeneko.

FUNSO: Aphunzitsi, ku Chigwirizano tinatsutsana mpaka tiyi kuzizira. Ena akuti Melita wa m'Baibulo, kumene ngalawa ya Paulo inasweka, ndi dziko lomwe munapitalo. Ena akuti malo amenewo anatha kalekale. Zoona n'ziti?
Mayi wa ku Linthipe

YANKHO: Mayi, kawauzeni anzanuwo kuti Melita alipo ndipo ine ndinagonako. Lero amatchedwa Malta. Ndi tizilumba ta m'nyanja ya Mediterranean, kumwera kwa Sicily, chilumba chachikulu cha dziko la Italy, ndipo todziwika ndi titatu: Malta weniweniyo, Gozo, ndi kakang'ono kotchedwa Comino. Dziko lonse ndi masikweya kilomita 316 okha. Boma lathu la Dedza ndi 3,624, kutanthauza kuti mungalowetse Malta m'Dedza muno kakhumi ndi kamodzi n'kutsalabe malo olima nyemba. Koma anthu ake ndi oposa theka la miliyoni, ndiye ganizirani kuthithikana kwake.

Nkhaniyo ili pa Machitidwe a Atumwi mutu 27 ndi 28. M'ngalawamo munali anthu 276. Namondwe anawazunguza milungu iwiri, ngalawa n'kutsakamira n'kusweka, koma onse anafika kumtunda, ena posambira ena atakwera pa matabwa. Eni chilumba anawasonkhera moto poti kunali mvula ndi chisanu, ndipo m'pamene njoka inamuluma Paulo pa dzanja iye osafa. Anakhalako miyezi itatu.

Malo amene eni dziko amati m'pomwe zinachitikira amatchedwa St Paul's Bay, kumpoto kwa chilumbacho. Ndinapitako kawiri. Koyamba ndinapita pa basi, ndipo ndinabwerako wokhumudwa: mahotela, malo odyera, ndi azungu ofiira psuu ndi dzuwa atagona pa miyala. Za Paulo ndinaona dzina lokha pa zikwangwani. Kachiwiri tinakwera boti pa Buġibba, tauni ya pagombe pomwepo, ndipo m'pamene nkhani ija inandilowa m'thupi. Potulukira kunyanja yaikulu pali tizilumba ta miyala yokhayokha, topanda mtengo, pamwamba pake pataima chiboliboli cha Paulo atakweza dzanja. Woyendetsa boti anazimitsa injini. Madzi anali phee, oyera moti miyala ya pansi ndinkaiwerenga. Ndinamufunsa kuti pamadzi ofatsa chonchi ngalawa ingasweke bwanji. Anaseka, n'kuloza kumpoto chakum'mawa, amvekere ndidzabwerenso nthawi yozizira mphepo ya grigal ikamawomba. Umenewo ndiye mwera wawo. Amene munatsikirapo ku Mtakataka mu Julayi n'kuona nyanja yathu itakwiya mundimvetsa.

Kumtunda, m'tauni ya Rabat, kuli phanga pansi pa tchalitchi lomwe amati Paulo ankakhalamo. Mumatsika masitepe, kunja kukuwotcha koma m'katimo muli zii. Apapa atatu anapempheramo: Yohane Paulo Wachiwiri mu 1990, patangotha chaka chimodzi atabwera kuno ku Malawi, kenako Benedikito mu 2010 ndi Fransisko mu 2022. Inu a Nkhoma musaope, pakhomo safunsa kalata ya mpingo.

Ndisabise, alipo ophunzira ena amene amati Melita ndi chilumba china chotchedwa Mljet ku Croatia, ngakhale ambiri amavomereza Malta. Koma zimenezo musakaziyankhule kumeneko pa 10 Febuluwale, tsiku limene dziko lonse limatseka maofesi kukumbukira kusweka kwa ngalawayo. Chinanso chinandidzidzimutsa: chinenero chawo n'chapachibale ndi Chiarabu, ndiye Mulungu amamutcha Alla, m'tchalitchi momwemo. Lamulungu loyamba pa Misa ndinatembenuka kuyang'ana pakhomo ngati ndasochera.

FUNSO: Poti mwatchula Paulo, nanga chisumbu cha Patmos kumene Yohane anaona masomphenya a Chivumbulutso? Munthu sangaone zonse ziwiri pa ulendo umodzi?
Mkulu wa mpingo, Ntcheu

YANKHO: Bambo, akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo apa mapangawo ndi enieni: la Paulo ku Malta, la Yohane ku Patmos. Pa mapu a kumapeto kwa Baibulo zimaoneka ngati n'zoyandikana, koma pakati pake pali makilomita oposa 1,000. Patmos ndi chilumba cha dziko la Greece, kufupi ndi gombe la Turkey, ndipo chilibe bwalo la ndege. Muyenera kuuluka mpaka ku Athens, kukakwera sitima pa doko la Piraeus ulendo wa maola ambiri, kapena kudzera pa zilumba za Kos ndi Samos. Mukatsika pa doko la Skala mumakwera phiri, phangalo lili pakati pa njira, ndipo pamwamba pali nyumba ya amonke yomwe inayambika mu 1088. Mu Julayi ndi Ogasiti kumawomba mphepo yotchedwa meltemi imene imaimitsa sitima zing'onozing'ono. Ngati muli ndi mwezi ndi thumba lolemera, pitani konse. Ngati muli ndi mlungu umodzi, sankhani mtumwi mmodzi.

FUNSO: Mayi, ine ndimagulitsa mbatata pa Lizulu. Mlamu wanga ali ku Italy, akuti ndikadzapita kukamuona tidzadutse ku Malta masiku anayi. Malo tidzaone pa boti kapena pa basi? Ndalama n'zochepa, sindifuna kukazitaya m'madzi.
Bambo wa pa Lizulu

YANKHO: Achimwene, zonse ziwiri, ndi miyendo pamwamba pake. Koma ndiyambe ndi kupusa kwanga kuti inu musakakubwereze.

Tsiku lachiwiri nditafika, mwana ali ku ntchito, ndinagula tikiti ya basi zija zosanja, zopanda denga, zonyamula alendo. Amakupatsani tomvera m'makutu, mawu n'kumakufotokozerani malo omwe mukudutsa. Ndinakhala pamwamba penipeni ngati mkwatibwi. Tisanafike patali mphepo inandilanda duku, dzuwa linandiphika, ndipo mawu aja ankasimba za tchalitchi ife titachidutsa kale tili pa mphambano ina. Madzulo mwana anandifunsa zomwe ndaona. Ndinaona zonse, koma choti n'kusimba ndinalibe. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Basi wamba zomwe amakwera eni dziko n'zotsika mtengo, zambiri zimayambira pa chipata cha Valletta, ndipo tikiti imodzi imagwira maola awiri ngakhale musinthe basi. Zimachedwa, zimadzaza, koma munthu wozolowera minibasi ya pa M1 sangadandaule.

Valletta, likulu lawo, mukayambe kuuona muli pamadzi. Mzinda umenewu anaumanga kuti uziopseza mdani wobwera panyanja, ndiye nkhope yake inaloza kumadzi. Wolowa pa basi walowera kuseri ngati mkamwini wofika usiku. Mbiri yake mwachidule: mu 1530 mfumu Charles V inapereka zilumbazi kwa gulu la asilikali achipembedzo lotchedwa Knights of St John, msonkho wake mbalame imodzi ya mtundu wa kabawi pa chaka. Mu 1565 ankhondo a ku Turkey anawazinga kuyambira Meyi mpaka Seputembala, n'kulephera. Chaka chotsatira anayamba kumanga Valletta, kuutcha dzina la mtsogoleri wawo Jean de Valette. Napoleon wa ku France anawathamangitsa mu 1798, Angelezi n'kulowa mu 1800.

Pa doko lalikulu pali timaboti topaka utoto, ta mphuno yotukuka, totchedwa dgħajsa. Dzinalo musavutike nalo, ingolozani. Timatenga anthu ochepa, mphindi khumi mwaoloka kupita ku Birgu, tauni ya kutsidya kwa dokolo. Mukakhala m'menemo, madzi ali pafupi moti n'kuwagwira ndi dzanja, malinga a miyala ya mtundu wa uchi amakukwererani mbali zonse mpaka khosi kuwawa. Ine ndinali ndisakudziwa kuti 12 koloko masana amawomba mzinga pamwamba pa lingalo. Utalira ndinakuwa kuti "Mayo!" n'kugwira mwendo wa mzungu amene ndinayandikana naye. Tinaseka tonse mpaka kutsidya. Pobwerera pali chikepe cha mamita 58 chokukwezani kuchoka pa doko kufika m'munda wa maluwa wa Upper Barrakka, pamene pali mizingayo. Kuchoka apo ndi miyendo basi. Misewu ndi yowongoka koma yokwera ndi kutsika, ya masitepe, ndiye nsapato za ukwati muzisiye kunyumba.

Mudzadzimva ngati simuli kutali kwenikweni. Galimoto zimayenda kumanzere ngati kuno, Chingelezi amayankhula, ndipo tchaja yanga yogula pa Dedza inalowa m'khoma bwinobwino. Tinali ndi atsamunda amodzi, ndipo ufulu tinalandira chaka chimodzi: ife pa 6 Julayi 1964, iwo pa 21 Seputembala.

Mdina, likulu lakale lozingidwa ndi linga, lili khomo ndi khomo ndi Rabat wa phanga la Paulo uja. Theka la tsiku likwana.

Kumene ndikufuna mukathereko nthawi ndi ku Gozo. Basi nambala 41 kapena 42 kuchoka ku Valletta imakufikitsani pa doko la Ċirkewwa patatha ola ndi kanthu. Apo pali sitima yaikulu yonyamula anthu, galimoto ndi malole, mphindi 25 mwafika pa Mġarr. Popita sindinalipire kanthu, ndinayamba kudziona ngati wakuba, kenako mwana anandiuza kuti tikiti amadula pobwerera. Akudziwa kuti pachilumba simungathawire kwina. Iliponso sitima yothamanga yochokera ku Valletta komweko, ya mphindi 45, koma imeneyo imadumpha pa mafunde.

Gozo ndi wamkulu pafupifupi kanayi kuposa Likoma, ndipo ndi kumudzi. Inu a mbatata maso adzakutsegukani. Minda ndi ting'onoting'ono, dothi lofiira, uliwonse wozingidwa ndi mpanda wa miyala yosanjika popanda simenti, kuteteza dothi ku mphepo ndi madzi. Dziko lonselo lilibe mtsinje ngakhale umodzi woyenda chaka chonse. Madzi ambiri akumwa amachita kusefa a m'nyanja kuchotsa mchere, ndipo apampopi amamveka kukamwa. Chonsecho alimi a ku Malta amalima mbatata ya kachewere mpaka kugulitsa ku Holland. Ndinaima pa mpanda wina nthawi yaitali kuonerera mdala akukumba, ndikuganiza za madzi amene ife timangowaonerera akutsetsereka m'phiri la Dedza. Ndatchula phiri: malo okwera kwambiri m'dziko lonse la Malta ndi mamita 253. Lathuli limaposa 2,000. Atandionetsa phiri lawo ndinangokhala chete mwaulemu.

Ku Gozo komweko kuli Ġgantija, akachisi a miyala ikuluikulu omangidwa cha m'ma 3600 Yesu asanabadwe, akale kuposa mapiramidi a ku Egypt. Miyala ina ndi yotalika mamita oposa asanu. Ndinapezako ana a sukulu ali ndi aphunzitsi awo, aliyense kope m'manja, ndipo manyazi anandigwira. Zojambula za m'mapanga a Chongoni zili pakhomo pathu pano, bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wake mu 2006, koma pa zaka zonse za uphunzitsi wanga ana ndinapita nawoko kawiri kokha.

Tsopano mverani ichi, chifukwa ndicho chidzapulumutse masiku anu anayiwo. Kumadzulo kwa Gozo kuli malo otchedwa Dwejra. Pali dziwe la madzi a m'nyanja lozingidwa ndi matanthwe, ndipo m'thanthwemo muli mphanga yoboola mpaka kunyanja yaikulu. Asodzi amakulowetsani m'menemo pa timaboti tawo. Ine ndinafika tsiku loyamba n'kupeza maboti onse atawakokera kumtunda, eni ake akusewera makadi. Kumwamba kunali kowala bwinobwino, koma kunja kwa mphangayo mafunde anali atakula, ndipo palibe ndalama imene ikanawadzutsa. Ndinabwereranso patapita masiku atatu. Tinalowa mumdima, injini ikumveka ngati ng'oma m'makoma, kutsogolo kuli kadontho ka kuwala, kenako balamanthu nyanja yabuluu yopanda malire, matanthwe ataima njo kumbuyo kwathu. Woyendetsa analoza pamene panali mwala wotchuka wooneka ngati zenera, Azure Window, umene unagwa ndi namondwe pa 8 Malichi 2017. Pano pangotsala madzi. Ndiye pa masiku anayiwo, limodzi mulisiye lopanda pulogalamu, ndipo za pamadzi muziike koyambirira kuti nyanja ikakana mukhale ndi tsiku lobwererapo. Basi imatsata nthawi, boti limatsata mphepo.

Za Comino ndinene mosapsatira. Kachilumbako n'kofanana kukula ndi Chizumulu, okhalapo sakwana ndi asanu omwe. Pali malo osambira otchedwa Blue Lagoon amene mumawaona pa zithunzi, ndipo madziwo ndi okongoladi monga zithunzizo zinenera. Koma chikomekome cha mkuyu. Pofika masana maboti amakhala atatula anthu ngati msika wa Lizulu tsiku la msika, mthunzi palibe, mpando ndi ambulera n'zolipira, madzi akumwa mtengo wake wa mankhwala. Kuyambira 2025 amafuna kuti wokatsika pamenepo ayambe walembetsa pa intaneti, kwaulere, pofuna kuchepetsa unyinjiwo. Boti lomwe tinakwera ife anatilonjeza kuti tikalowa m'mapanga, koma tinangowadutsa patali wina akuloza ndi chala. Musanalipire funsani: tikaima nthawi yaitali bwanji, m'mapanga tikalowa kapena tikangoona, botilo lili ndi denga ndi chimbudzi kapena ayi. Chimene chinandikomera ku Comino n'chaulere. Ndinausiya unyinji uja n'kutsata kanjira ka miyala kupita ku nsanja yakale ya Santa Marija, yomangidwa mu 1618. Nditayenda mphindi zochepa phokoso lonse linatha, kunangotsala fungo la zitsamba zouma ndi abuluzi.

FUNSO: Ine madzi ndimawaopa, ngakhale bwato sindinakwerepo. Pa Khwekhwerere pokha ndimasanza m'galimoto. Ndingathe?
Mtsikana wa ku Lobi

YANKHO: Mungathe, achemwali, mukasankha bwino chokwera. Sitima ikakhala yaikulu ndi yoyenda pang'onopang'ono siigwedezeka kwambiri. Ya ku Gozo ija mukhoza kumwa tiyi osatayika. Zovuta ndi zothamanga ndi timaboti ting'onoting'ono. Khalani pakati pa boti, osati kutsogolo, pamalo opita mphepo, maso pamzere umene nyanja yakumana ndi thambo. Foni m'chikwama. Musakwere ndi njala, musakwerenso mutakhuta tchipisi cha mafuta. Ine ndinkatafuna jinja. Mapiritsi oletsa nseru amagulitsa m'mafamase, amamwa musanakwere, koma amagonetsa, ndiye funsani wogulitsayo ngati muli pa mankhwala ena. M'mawa nyanja imakonda kukhala yofatsa kuposa madzulo. Jekete yoyandamitsa ija ipempheni popanda manyazi. Ine ndinavala ndekha m'boti lonse, ndipo palibe anandiseka.

Madzi ake ndi amchere kwambiri, amakuyandamitsani kuposa a nyanja yathu, koma akalowa m'maso mudzalira. Ng'ona ndi mvuu kulibe, likodzo kulibe. Chomwe chilipo ndi tizilombo tofewa ngati phala toyandama m'madzi, totchedwa jellyfish, timene timawotcha khungu ngati chitedze.

Musaganize kuti mantha ndi anu nokha. Mukapita ku Marsaxlokk, mudzi wa asodzi umene umakhala ndi msika wa nsomba Lamulungu lililonse, mudzaona maboti awo otchedwa luzzu, opaka buluu, chikasu ndi zofiira, lililonse lili ndi maso awiri ojambula pamphuno kuti lizitetezeka ku tsoka. Anthu opemphera kwambiri, matchalitchi mbwee, koma chithumwa cha boti sanachisiye.

FUNSO: Agogo, ndinamaliza Fomu 4, ntchito palibe. Mnzanga wa pa Facebook akuti kuchokera ku Libya kuli maboti otchipa opita ku zilumba zomwezo, ukangofika basi moyo wayamba. Mukuti bwanji?
Mnyamata wa pa Tsangano

YANKHO: Mwanawe, kalata yako ndaiwerenga katatu. Nyanja ndi yomweyo, koma boti lako ndi langa si limodzi. Langa linali ndi jekete, wayilesi, ndi mwini wake amene anakana kunyamuka mafunde atakula. Lakolo ndi chubu chopopa kapena chibwato chotha ntchito, chodzaza anthu mpaka m'milomo, chowoloka makilomita pafupifupi 300 opanda pogwira, ndipo amene walandira ndalama yako amatsala kumtunda.

Kumwera chakumadzulo kwa Malta kuli kachilumba ka dziko la Italy kotchedwa Lampedusa, kakang'ono ngati Likoma, koyandikira Tunisia kuposa Sicily. Pa 3 Okutobala 2013 boti linamira pafupi ndi gombe lake, magetsi a kumtunda akuoneka, ndipo anthu oposa 360 anafa, ambiri a ku Eritrea. Mu Epulo 2015 lina linamira kufupi ndi Libya ndi anthu mazanamazana. Mitembo 24 anaitengera ku Malta n'kuiika m'manda popanda wodziwa mayina awo. Ife a m'malire muno timawaona abale athu a ku Ethiopia akugwidwa atapanikizana m'malole pa ulendo wa ku Joni, timapukusa mitu. Ulendo ukunenawu ndi womwewo, wangoloza kumpoto, ndipo uli ndi chipululu cha Sahara ndi ndende za ku Libya usanaone n'komwe madzi. Wopulumuka akafika ku Malta amayamba watsekeredwa m'msasa, ndipo amene sakuthawa nkhondo kapena chizunzo kawirikawiri amamukaniza chilolezo chokhala.

Mwana wanga ali ndi mnzake wa ku ntchito, mnyamata wa kumadzulo kwa Africa, amene anadzera njira imeneyo. Tinadya naye tsiku lina pamalo oyang'ana kunyanja. Asanakhale anatembenuza mpando wake kuti madzi akhale kumsana. Titamuitana kuti mawa lake tikakwere boti limodzi anangomwetulira n'kupukusa mutu. Sindinamufunse zambiri.

Mwana wangayo anapita ndi satifiketi ya ntchito yake, kalata ya omulemba ntchito, ndi chilolezo chodinda m'pasipoti, ndipo zinamutengera nthawi yaitali. Ndilembere kachiwiri, undiuze maphunziro omwe unakhoza bwino, tione poyambira.

FUNSO: Mapepala ake ndi otani, ndipo mumadzera kuti?
Mphunzitsi mnzanu, Kasina

YANKHO: Amalawi timafunika viza ya Schengen, ya mayiko ambiri a ku Ulaya, yomwe imalola kukhala masiku osaposa 90 pa masiku 180 alionse. Imagwira ku Malta, Italy ndi Greece komwe. Mumapempha kudzera kwa kazembe wa dziko limene mukakhaleko masiku ambiri. Munthu wamkulu amalipira mayuro 90, ndipo akakukanizani ndalamayo sibwerera. Amafuna inshuwalansi ya matenda yofika mayuro 30,000, pasipoti yokhala ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lobwerera, umboni wa kumene mukagone kapena kalata ya wokuitanani, mapepala a ku banki, ndi chosonyeza kuti mudzabwerera kwanu. Yambani miyezi ingapo ulendo usanafike. Ine ndinanyamuka pa Lilongwe, kusintha ndege ku Addis Ababa, kusinthanso ku Rome, kenako ola ndi theka ndatera ku Malta. Nthawi yotentha wotchi yawo ndi yathu zimafanana, sindinasinthe kanthu. Meyi, Juni kapena kumapeto kwa Seputembala ndiyo nthawi yabwino. Julayi ndi Ogasiti munthu wa ku Dedza mukasungunuka.

FUNSO: Zonsezi tamva, koma munkadya chiyani? Nsima iliko? Ndipo mwatibweretsera chiyani?
Anzanu a banki m'khonde, Bembeke

YANKHO: Amayi inu, ndinadziwa kuti funso lanu likhala la m'mimba. Ufa woyera umapezeka m'timasitolo ta anthu a ku Africa, ndipo mwana ankandiphikira Loweruka. Nyama ndi za mkaka zochokera kuno salola kulowa nazo, ndiye musavutike kufutsa. Masiku ena ndinkadya zawo. Chotchipa ndi chokhutitsa ndi pastizzi, tonga samusa tofewa tokhala ndi tchizi kapena nsawawa zophwanya m'kati, totentha, togula pawindo. Pali buledi wozungulira wotchedwa ftira amene amapakamo tomato ndi mafuta a azitona n'kuikamo nsomba. Ameneyo ndiye kamba wa pa boti. Chakudya chawo chaulemu ndi kalulu wophika ndi adyo ndi vinyo. Ndinadya ndikuseka, poganiza kuti kalulu amene anapusitsa njovu ndi fisi m'nthano zathu zonse anakathera mumphika ku Malta. Chakumwa chawo chotchedwa Kinnie n'chowawa ngati mankhwala a malungo, botolo loyamba ndinalisiya, pofika mlungu wachitatu ndinkachita kulifuna.

Chimene ndinabweretsa ndi mchere. Kumpoto kwa Gozo, pa Xwejni, anasema timaenje tosaya tambirimbiri pa thanthwe la m'mphepete mwa nyanja, tooneka ngati bawo lalikulu. Amathiramo madzi a m'nyanja, dzuwa ndi mphepo n'kuwaumitsa, kenako amasesa mcherewo ndi tsache n'kuuunjika milu yoyera mbee. Ndinagula kathumba kamodzi pomwepo, n'kukasunga m'chikwama cha m'manja ulendo wonse ngati ndalama.

Nditafika ndinawiritsa mbatata ya m'munda mwathu, n'kuwaza mcherewo pang'ono, n'kuwaikira bambo a kunyumba. Ndinakhala pambali kudikira. Anatafuna, anatafunanso, n'kundiyang'ana.

"Ndiye ndege zitatu zonsezi mumakatenga mchere?"

Wotsalawo ndibwera nawo Lachinayi ku msonkhano, aliyense abwere ndi kasupuni kake.